Hank wa ku Texas ndi Hank wa ku Saskatchewan

America ndi Canada ndi mayiko oyandikana, chilankhulo n'chimodzi m'madera ambiri, koma mukaonera makatuni awo a akuluakulu mumaona kuti nkhani ya ubwenzi wa azibambo saigwira mofanana. Mwamwayi pali makatuni awiri oyenera kuwaika pamodzi, ndipo onse ali ndi munthu dzina lake Hank.

Woyamba ndi King of the Hill, amene Mike Judge ndi Greg Daniels anayambitsa pa kanema wa Fox mu 1997. Nkhani yake imachitikira m'tauni yopeka ya Arlen ku Texas. Hank Hill ndi wachiwiri kwa bwana pa kampani yogulitsa gasi ya Strickland Propane, ndipo madzulo aliwonse amaima m'kanjira pafupi ndi mpanda wa nyumba yake ndi anzake atatu, aliyense chitini cha mowa wa Alamo m'manja. Dale Gribble amapopera mankhwala opha mphemvu ndi makoswe ndipo sakhulupirira boma ngakhale pang'ono. Bill Dauterive amameta asilikali, mkazi wake Lenore anamuthawa kalekale. Boomhauer amalankhula mothamanga moti owonera ambiri amangotola mawu awiri atatu. Anayiwa anadziwana ali pasukulu, ndipo pa mpandapo nthawi zambiri palibe cholankhula, amangovomerezana ndi liwu limodzi n'kupitiriza kumwa.

Wachiwiri ndi Corner Gas Animated wa ku Canada, amene anaonetsedwa kuyambira 2018 mpaka 2021. Anachokera ku sewero la anthu enieni la Brent Butt lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa CTV kuyambira 2004 mpaka 2009. Kumeneko kamudzi kake ndi Dog River m'chigawo cha Saskatchewan, dera lathyathyathya la minda ya tirigu. Brent Leroy ali ndi malo omwetsera mafuta galimoto, ndipo mnzake wa paubwana Hank Yarbo ndi lova, amangokhalira kuzungulira pamalopo, kubwereka ndalama osabweza, ndi kubwera ndi mapulani opanda mutu.

Kusiyana kumayambira pakamwa. Brent samubisira kanthu mnzakeyo. Hank Yarbo akayamba zopusa, Brent amamuyankha mwachipongwe pomwepo, pamaso pa Wanda wa pakauntala kapena m'kalesitilanti ka Lacey, ndipo mawa lake ali limodzi ngati sipanachitike kanthu. Ulova wa Hank ndi nthabwala ya mudzi wonse koma palibe amene amamuthamangitsa patebulo. Ku Arlen zimenezo sizingatheke, chifukwa kumeneko mwamuna ndi ntchito yake: Hank Hill sangadzitchule dzina osatchula gasi amene amagulitsa. Ndipo zinthu zolemera kwenikweni sazitchula n'komwe.

Cholemera kuposa zonse ndi cha Dale. Mkazi wake Nancy anakhala pa chibwenzi cha mseri ndi John Redcorn kwa zaka zoposa khumi, ponamizira kuti akumuchiza mutu. Mwana wawo Joseph nkhope yake ndi ya Redcorn ndendende. Msewu wonse ukudziwa. Hank akudziwa, Bill akudziwa, Boomhauer akudziwa, ndipo amamwa ndi Dale tsiku ndi tsiku osatsegula pakamwa. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene amakayikira boma, madokotala ndi ndege zodutsa m'mwamba, sakayikira mkazi wake ngakhale kamodzi. Peggy, mkazi wa Hank, atazindikira mochedwa, anapsa mtima n'kufuna kukaulula, koma ataona mmene Dale amamukondera Joseph anabweza mawu.

Apa ndi pamene ine ndimavutika. Kodi kumeneku n'kukhulupirika kapena mantha? Olemba katuniyu amatikokera kuti tione ngati chifundo, ndipo pena ndimavomera, chifukwa Dale atamva zoona angagwe osadzukanso, ndipo wovulala kwambiri angakhale mwanayo. Koma tinenenso zoona: Hank Hill ndi munthu amene amachita manyazi ndi nkhani iliyonse yokhudza mtima, ngakhale kuuza mwana wake Bobby kuti amamukonda kumamulemera. Kukhala chete kumamupulumutsa iyeyo kaye asanapulumutse Dale. Ndipo ulemu umene anzake amamupatsa Dale uli ndi kachinyozo mkati, chifukwa amamuona ngati munthu wosakhoza kusenza katundu wake.

Komabe zinthu zikathina, anthu a ku Texas awa amachita zimene pakamwa pamakana. Mu gawo lina la nyengo ya Khirisimasi mu 1998, Bill anasokonezeka maganizo pokumbukira Lenore mpaka kufuna kudzipha, kenako n'kuyamba kuvala madiresi a mkaziyo ndi kulankhula ngati iyeyo. Atafika chomwecho pa phwando la kwa Hank pomwe panali anzake a kuntchito, anthu anayamba kumuopseza. Hank, munthu wodana ndi zachilendo zilizonse, anakavala diresi nayenso kuti anthu aziona ngati ndi masewera, kenako anamutsatira panja n'kulankhula naye ngati Lenore, kumuuza mosapsatira kuti ukwati unatha. Sanamukumbatire, sanamupatse malangizo ataliatali. Anangodzichotsa ulemu pagulu chifukwa cha mnzake.

Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma anayiwa anapitirira pamenepo. Atalowa gulu la ozimitsa moto mongodzipereka, nyumba ya ozimitsa motoyo inapsa yonse, aliyense n'kumafotokoza nkhani yake yoloza mnzake chala. Hank atazindikira kuti gwero lake ndi Dale, amene analumikiza ku magetsi chikwangwani chotsatsa mowa, mlandu anauponyera kwa Chet Elderson, mkulu wina wozimitsa moto amene anali atamwalira kumene. Munthu wonyadira kuti sanama ananamizira maliro kuti apulumutse mnzake.

Ku Dog River mayeso otere kulibe. Brent ndi Hank Yarbo amakangana pa tinthu ting'onoting'ono, ngongole, mpikisano wopanda phindu, ndipo udani waukulu m'mudzimo ndi wa mudzi woyandikana nawo wa Wullerton, umene akangoutchula dzina aliyense amalavula pansi. Ubwenzi wawo ndi wopepuka, ndipo munthu angaukhumbire, chifukwa palibe akusunga chinsinsi chom'dya m'mimba. Koma n'chifukwa chakenso sitidziwa kuti Brent angafike pati chifukwa cha mnzakeyo, poti sanafunsidwepo zambiri kuposa kuiwala ngongole. Katuni si dziko, inde, koma aliyense akuonetsa mmene anthu ake amakondera kudziona: Canada ngati malo odekha oseka zofooka zawo, Texas ngati malo a amuna ouma pakamwa koma osathawa mnzawo.

Mukandifunsa kuti ndingakonde kumwa tiyi ndi ndani, ndisankha Brent, chifukwa adzandiuza poyera ndikapusa. Tsiku la mavuto ndingafune Hank Hill, ngakhale ndikudziwa kuti mwina pali chimene akundibisira.

King of the Hill anawakumanitsapo anthu a mayiko awiriwa mu 2009, pamene Boomhauer anasinthana nyumba kwa kanthawi ndi banja la ku Canada. Bambo wa banjalo sanagwirizane ndi Hank ndi anzake, ankadandaula za phokoso ndi kunyoza za ku America, koma atamangidwa ndi apolisi, amene anathamangathamanga kuti atuluke ndi Hank yemweyo. Katuniyu anabwereranso pa Hulu, malo oonetsera makanema pa intaneti, mu 2025, Hank ndi Peggy atabwerako ku Saudi Arabia komwe Hank anakagwira ntchito. Johnny Hardwick, amene ankalankhula mawu a Dale kuyambira pachiyambi, anamwalira mu 2023 atajambulako magawo ochepa, ndipo otsalawo anamalizitsa ndi Toby Huss.