Tisamangonamizira napolo

Dzulo ndinadutsa pamalo ena pomwe anthu amaphwanya kwale, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Amayi atatu ali pansi, nyundo m'manja, kamwana kakusewera pambali. Kumbuyo kwawo kuli khoma la thanthwe lotalika kuposa nyumba, kunsi kwake analifukula mpaka pamwamba pachita kulendewera ngati khonde. Nditafunsa, bambo wina anangoseka: "Achimwene, lakhala chonchi zaka zambiri ili."

Yankho limenelo ndi lomwe landilembetsa izi.

Thanthwe si chimwala chimodzi ayi. Lili ndi ming'alu, ndipo choyamba kuona ndi komwe ming'aluyo yapendekera. Ikalowera m'phiri, mwala umatsamira unzake. Ikatsetserekera kudzenje komwe mukukumba, ndiye kuti chomwe chikuchirikiza zonse zam'mwambazo ndi tsinde lomwe mukuligomola ndi mgwalalo. Kenako mvula. Madzi akadzaza m'ming'alu amakankha miyala, dongo lapakati limaterera ngati therere. N'chifukwa chake khoma lomwe linali nji mu Okutobala limagwa mu Febuluwale. Onjezani moto womwe anthu amasonkha kuti thanthwe lisweke, kapena kugwedeza kwa mabomba kumakwale akuluakulu.

Ife phiri likagumuka timati napolo wadutsa. Ku Phalombe mu 1991 tinatero, Michesi litakhuthula miyala ndi matope pamidzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa Soche pa Chilobwe. Chabwino, imeneyo inali mvula yoposa muyezo. Koma khoma la pakwale tadula tokha, ndi manja athu. Napolo akulowapo pati?

Ku Bingham Canyon, mgodi wa kopa wa ku Utah ku America, mbali yaikulu ya dzenje inagumuka mu Epulo 2013, koma palibe anamwalira. Makina awo anali ataonetsa kuti khomalo likusuntha, ndipo kusunthako kukufulumira tsiku ndi tsiku, choncho anachotsa antchito nthawi ikadalipo. Wina anena kuti amenewo ndi achuma, ife makina tiwapeza kuti? Zoona. Koma nzeru yake sifuna magetsi. Kwerani pamwamba pa khoma, osati kunsi, muyang'ane ngati nthaka yang'ambika. Khomani zikhomo ziwiri, china mbali ino ya mng'aluwo china mbali inayo, muyeze ndi chingwe m'mawa uliwonse. Mpata ukamakula, chokanipo. Timiyala tikamayoyoka popanda wotikhudza, madzi akayamba kutuluka pomwe kale panali pouma, mtengo wapamwamba ukapendekeka, tsiku limenelo nyundo zipume. Ndipo dulani masitepe m'malo mwa phompho limodzi, kuti mwala wogwa upeze poima, kenako kumbani ngalande pamwamba madzi azipita kwina.

Ndikudziwa, munthu amene akusaka ya ndiwo za madzulo simungamuuze kuti apume masiku atatu mvula ikagwa. Apa ndiye akatswiri a za miyala a boma ku Zomba kuja ndi makhonsolo azifika, asamathere kumakampani okhala ndi ziphaso okha. Kuyendera kamodzi mvula isanayambe, kupaka penti yofiira pomwe sipayenera kukumbidwa, kungathandize kale.

Nanenso ndisadziyeretse. Maziko a nyumba yanga anadya kwale wa anthu ngati amenewa. Ndinanenerera mtengo wa wilibala mpaka thukuta, koma kumwamba sindinayang'aneko n'komwe.