Nambala ya pa foni siidyedwa

Dzulo ndapsa mtima, ndipo mpaka pano sunazizire. Tinali pa msonkhano wa anthu ofufuza za mbewu. Mayi wina atamaliza kufotokoza ntchito imene wakhala akuigwira zaka zambiri, yosintha majini a mbewu (tizinthu ta m'kati mwa chamoyo timene timachipatsa chibadwa chake) kuti isamagwidwe ndi matenda, bambo wina wa tayi anatulutsa foni, n'kutsegula Google Scholar, tsamba la pa intaneti loonetsa zimene ofufuza alemba, n'kuyamba kuonetsa anzake pansi pa tebulo. Akuti h-index ya mayiwo, nambala yoyezera mmene zolemba za wofufuza zimatchulidwira, ndi yochepa, ndiye palibe cha nzeru chimene angatiuze. Anzakewo n'kumagwedezera mitu. Mbewu zake sanazione, munda woyeserera sanaupondemo, funso ngakhale limodzi sanafunse. Kungoona nambala basi, mlandu watha!

Kodi inu, wofufuza za mbewu timamuyeza ndi nambala kapena ndi zimene zamera m'munda? H-index imeneyi anaibweretsa Jorge Hirsch mu 2005, munthu wa sayansi ya physics. Ikakhala 20, ndiye kuti uli ndi mapepala 20 a kafukufuku amene lililonse anzako alitchulapo m'mapepala awo ka 20 kapena kuposa. Kwatha. Siikuuza ngati mlimi anakolola. Siikuuza n'komwe ngati okutchulawo amakuyamikira kapena amakudzudzula. Pepala lina la mu 2012 lonena kuti makoswe odya chimanga cha GMO (chosinthidwa majini) amatuluka zotupa, magazini amene analisindikiza analichotsa mu 2013, koma anthu ambirimbiri alitchula, ena pofuna kulitsutsa. Zonsezo kompyuta imangowerengera pamodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine mukandifunsa za wofufuza amene ntchito yake inaoneka, ndikuuzani za Dennis Gonsalves. Mu 1992 kachilombo ka ringspot kanalowa m'minda ya mapapaya ku Puna, ku Hawaii, kumene kunkachokera mapapaya ambiri a zilumbazo. Masamba kuchita chikasu, zipatso kudzaza timizeremizere tozungulira, alimi n'kumadula mitengo yawo ndi manja awo. Gonsalves ndi anzake anali atatenga kale kachidutswa ka jini ya kachilomboko n'kukaika mu papaya, kukhala ngati katemera. Mu 1998 alimi analandira mbewu ya Rainbow, minda n'kuyambanso kubiriwira. Pitani mukamufunse mlimi wa ku Puna kuti h-index ya Gonsalves ndi zingati. Akusekani. Iye akulozerani mtengo wobereka.

Ndiye wina azibwera ndi kafoni kake kudzatiuza yemwe ali katswiri? Bambo wa dzuloyu akanakhala pa msonkhano ndi Barbara McClintock, bwenzi atamunyozanso. Mayi ameneyu anaona m'ma 1940 kuti majini ena a chimanga amadumpha kuchoka pamalo pena kupita pena, anzake ambiri osamumvetsa, mphoto ya Nobel kudzabwera mu 1983. Gregor Mendel analemba mu 1866 za mmene nsawawa zake zimatengera chibadwa kwa makolo ake, anthu kudzadzidzimuka mu 1900 mwini wake ali m'manda. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Nanga zaka zonse zimene ankangokhala osamvetsedwazo, anali mbuli?

Ndikudziwa, mayunivesite ndi opereka ndalama za kafukufuku amakonda nambala chifukwa kuwerenga ntchito ya munthu n'kotopetsa. Ulesi basi. Koma ulesiwo ukutipweteka. Mwana wanzeru akamaona kuti amene amakwezedwa ndi wodula kafukufuku mmodzi kukhala mapepala asanu, n'kumatchulana ndi anzake ngati ngongole yobwezerana, adzapitiranji kukapsa ndi dzuwa m'munda woyeserera? Mbewu yatsopano kuti ichoke mu labotale, iyesedwe nyengo zingapo, boma livomereze, ifike kwa mlimi, pamadutsa zaka khumi kapena kuposa. Zaka zonsezo munthu ali ndi matope m'mapazi, mnzake ali pa mpando akuchulukitsa mapepala. Kenako wa pampandoyo ndiye azimuseka?

Ndipo mapepala amene mumanyadirawo, amawawerenga ndani? Wolemba salipidwa, amene amawaunika salipidwa, koma ukafuna kutsegula pepala limodzi lokha akuti lipira. Ukafuna kuti aliyense aliwerenge ulere, akuti wolembawe ndiwe ulipire, ndalama zoti ofufuza a m'mayiko osauka sangazipeze. Mawa lake muziti sadziwika, sanatchulidwe. Atchulidwa bwanji chitseko mwachitseka ndinu?