Ku Québec musathere pa chithunzi cha hotela ija

Aliyense wopita ku mzinda wa Québec ku Canada amabwerako ndi chithunzi chimodzimodzi. Waima pa khonde lalitali lamatabwa la Terrasse Dufferin, kumbuyo kwake kuli chinyumba chansanja zosongoka, ndiye pansi walemba kuti waona nyumba ya mafumu akale a Afalansa. Pepani anzanga, imene ija ndi hotela. Château Frontenac inamangidwa ndi kampani ya njanji ya Canadian Pacific, n'kutsegulidwa mu 1893, kuti anthu a ndalama azikwera sitima zake kupita kukagonako. Sinakhalepo nyumba ya mfumu iliyonse.

Sindikunyoza ayi, nyumbayo ndi yokongola ndipo nanenso ndinajambulitsapo. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amathera pomwepo. Akatsika masitepe otsetsereka a Casse-Cou kupita ku msewu wa timasitolo wa Petit-Champlain, n'kugula kabotolo ka madzi otsekemera a mtengo wa mapulo ndi sikipa yolembedwa dzina la mzindawo, basi ulendo watha. Linga lozungulira mzinda wakalewo amangolidutsa pachipata osaliyang'ana n'komwe. Chonsecho kumpoto kwa Mexico kulibe mzinda wina umene malinga ake akadali chiimire, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO linaulembera m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1985.

Kuzungulira linga lonse ndi makilomita 4.6, ndipo m'malo ambiri mumayenda pamwamba pake kwaulere. Kumadzulo, pakati pa zipata za Saint-Louis ndi Saint-Jean, si khoma lopyapyala ayi, ndi chimulu chadothi chotakata chokutidwa ndi miyala kutsogolo, pamwamba pali kapinga. Masana mupeza achinyamata atakhala pamenepo, miyendo ili lendelende, akudya nkhomaliro yawo. Kumbali ya mtsinje kuli mizinga yakuda italoza kumadzi, ana akuikwera ngati abulu.

Nkhani ya linga limeneli ndi yoseketsa mukaiganizira bwino. Samuel de Champlain anayambitsa mzindawu mu 1608, koma khoma lalikulu lakumadzulo Afalansa anayamba kulimanga mu 1745 poopa Angelezi. Angeleziwo atabwera mu 1759, mkulu wa asilikali a Afalansa, Montcalm, sanadikire mkati. Anatuluka kukakumana nawo pabwalo la Plaines d'Abraham pa 13 September, ndipo nkhondo sinathe n'komwe theka la ola. Wolfe wa Angelezi anafera pomwepo, Montcalm anatsirizika m'mawa mwake, masiku ochepa chabe mzinda unaperekedwa. Amene linga linawathandizadi ndi Angelezi omwewo, pamene asilikali a ku America anadzaukira pa 31 December 1775 n'kulephera. Kenako Angelezi anawonjezera linga lina la asilikali, Citadelle, pamwamba pa phiri kuyambira mu 1820, poopa kuti a ku America abweranso. Sanabwere.

Asilikali a Britain atachoka mu 1871, eni mzinda anayamba kugwetsa zipata chifukwa ngolo zinkavutika kudutsa. Amene anawaletsa ndi Lord Dufferin, bwanamkubwa wa Canada nthawi imeneyo. Ndiye zipata zokongola zimene mukujambulazo si za Afalansa akale. Cha Saint-Louis chinamangidwanso m'nthawi ya Dufferin yomweyo, chotakata kuti magalimoto lero akudutsa bwinobwino, ndipo cha Saint-Jean n'cha m'ma 1939. Ngakhale pa bwalo lakale la Place Royale kumunsi kwa mzinda, boma linakonza nyumba zake m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuti zioneke mmene zinalili m'nthawi ya Afalansa. Katchalitchi ka Notre-Dame-des-Victoires kokha kanayamba mu 1688, komabe nako kanaphwanyidwa ndi mizinga mu 1759 n'kumangidwanso.

Ena akamva zimenezi amakhumudwa, amati ndiye zonse ndi zopeka. Ine ayi. Kwa ine chakale chenicheni ku Québec si miyala koma chilankhulo. Anthu awa akhala pansi pa ufumu wa Britain kuyambira mu 1763, azunguliridwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana olankhula Chingelezi, koma mwana wa pasukulu, woyendetsa basi, wapolisi, onse ndi Chifalansa chokhachokha. Gulu la asilikali lokhala mu Citadelle, Royal 22e Régiment, pamwambo limavala majekete ofiira ndi zipewa zazitali zaubweya ngati alonda a ku London, koma malamulo limalandira m'Chifalansa (lilinso ndi mbuzi yake, dzina lake Batisse). Sizinangochitika zokha. Kale mpingo wa Katolika ndi umene unagwira masukulu, ndipo mu 1977 anakhazikitsa lamulo lotchuka ndi dzina loti Loi 101, limene linaika Chifalansa patsogolo pantchito, pazikwangwani ndi m'masukulu.

N'chifukwa chake zimandinyansa kuona mlendo akulowa m'sitolo n'kuyamba kufunsa mtengo m'Chingelezi osapereka moni. Ogulitsa a mkati mwa linga Chingelezi amachidziwa, akuyankhani ndithu, koma nkhope imasintha mukayamba ndi bonjour. Ife Amalawi zimenezi siziyenera kutivuta, si paja kwathu sufunsa njira usanapereke moni? Chifalansa chawo chili ndi kamvekedwe kakekake, moti amene munaphunzira cha kusekondale musadabwe mukamangotola mawu amodziamodzi.

Langizo langa ndi ili: tulukani pa chipata cha Saint-Jean n'kupitirira ndi msewu womwewo kunja kwa linga. Kumeneko ndi kumene eni mzinda amagula buledi ndi kumwa khofi, ndipo poutine, tchipisi chothira msuzi ndi timibulu ta tchizi, mudya pamtengo wabwinoko. Kumbukirani kuti mtengo wolembedwa si umene mulipire, pakauntala amawonjezera msonkho pafupifupi 15 peresenti, ndipo kumalo odyera woperekera chakudya amayembekezera kangachepe kofanana nako. Madzulo kwerani boti lowolokera ku Lévis. Ndi mphindi zochepa chabe, mtengo wake ndi wochepa, ndipo kuchokera pamtsinje wa Saint-Laurent mumaona thanthwe lonse ndi chifukwa chimene Champlain anasankhira malo amenewa, pamene mtsinje wapanikizika. Ngati mukupita mu January kapena February, nsapato zanu za ku Limbe zisiyeni kunyumba, kumazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro ndipo masitepe aja amaterera koopsa.