Timabotolo ta madzi tanditopetsa

Chimandinyansa n'choti pamsonkhano uliwonse amatiikira timabotolo ta madzi, chonsecho mpopi uli pomwepo! Munthu amangomwako kawiri n'kukasiya kabotolo kali theka. Mawa mukapeza m'ngalande, katseka njira ya madzi a mvula. Pulasitiki ameneyu sawola msanga ayi, amatha zaka zambirimbiri akungophwanyika tizidutswa tomwe timakathera m'mimba mwa nsomba.

Chopweteka kwambiri, madzi ena a m'mabotolowa ndi a pampopi omwewo, angosefedwa basi, ife n'kumalipira chivindikiro ndi kapepala kokongola. Ngati mukuwakayikira madzi a pampopi wanu, awiritseni kapena asefeni. Koma inu eni maholo, masitolo ndi madepoti, kuika pothirira madzi kuti aliyense azidzaza botolo lake kukukuvutani pati?