Ana athu aziphunzitsidwa floor ndi ceiling, osati round off yokhayokha

Sabata yatha pamaliro ku Mufakose, mumzinda wa Harare, zinandikhudza ndithu. Opita kumanda ku Mbudzi tinalipo 40, kombi (minibasi) imodzi ikunyamula anthu 18, ndiye mwana wa achemwali anga wa Form 3 watulutsa foni wagawa, yatuluka 2.2, akuti amalume round off ikupereka 2, kombi ziwiri zakwana. Ndinati nanga azimayi anayi otsalawo ayende wapansi? Mwanayu masamu amakhoza, koma m'mutu mwake muli lamulo limodzi basi loti nambala yakutsogolo kwa kadontho ikachepera 5 tsitsa, ikafika 5 kweza.

Chomwe chimafunika pamenepo ndi ceiling, kutanthauza nambala yathunthu yoyamba kukumana nayo ukamakwera, 2.2 ipita pa 3. Inzake ndi floor, yathunthu yoyamba ukamatsika, 2.2 ibwera pa 2. Ikakhala yathunthu kale ngati 7 zonse ziwiri zimangoisiya pomwepo. Mainawa anabwera nawo katswiri wa makompyuta Kenneth Iverson mu 1962 ngakhale katswiri wa masamu Gauss anali atayamba kale kulemba floor ndi mabulaketi mu 1808.

Ndipotu timazichita tsiku ndi tsiku osadziwa. Uli ndi $20, tinene paketi ya shuga ndi $3, kugawa kukupatsa 6.67 koma patilu utenga 6 basi, palibe angakupatse 7. Zaka zobadwa ndi floor, wa zaka 17 ndi miyezi 11 sangavote olo atalira.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ine ndi pophatikiza. Iwe uli ndi $1.50, mnzako $1.50, tinene buledi ndi dola. Aliyense payekha agula umodzi, onse pamodzi awiri, koma mukasonkha ndi $3 mabuledi atatu! Ndiye floor ya zophatikizidwa imatha kuposa ma floor awiri aja ndi 1, koma singapose ndi 2 ayi, chifukwa chotsala cha aliyense sichifika 1 ndiye zotsala ziwiri sizingafike 2. Mukukumbukira akondakitala akasowa chenji nkukupatsani dola imodzi anthu awiri osadziwana kuti mukagawane mukatsika, timati atikwatitsa? Ndi zomwezo, 50 cents payokha floor yake ndi 0, ziwiri zapanga dola yogwirika m'manja.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa ma negative, manambala ochepera 0. Floor ya -2.5 ndi -3 osati -2, poti -3 ndi amene ali kumunsi, kungodula zakutsogolo kwa kadontho sikugwira pamenepa. Ceiling yake ndiye -2.

Aphunzitsi athu chonde, izi sizofuna kudikira yunivesite, wa Grade 7 atha kuzimva bwinobwino mukamufunsa kuti chotsalacho ndi anthu ofunika mpando kapena ndi ndalama yosakwana kugula. Tsiku lija tinaitana kombi yachitatu, ndipo madzulo mnyamata uja ananditumizira pa WhatsApp kufunsa kuti nanga tikanakhala 36 ndendende, ndinamuyankha kuti pamenepo ziwiri zakwanadi.