Chenjezo kwa ana athu othamangira ku Cooper Creek

Ana anga amene muli ku Adelaide, ku Melbourne ndi ku Brisbane, ndi inu makolo amene muli kumudzi koma ana anu ali kuno ku Australia, khalani pansi mundimve. Sabata yatha pagulu lathu la WhatsApp ndaona zithunzi za anyamata anayi akukonzekera ulendo wa ku Innamincka, m'chipululu cha South Australia, m'mwezi uno wa Januwale. Galimoto yake ndi kakang'ono koyendera m'tauni, matayala operepeseka, kumbuyo kuli bokosi la zoziziritsa kukhosi ndi chigubu chimodzi cha madzi. Nditafunsa kuti mwatsanzika ndani, mmodzi anandiyankha kuti, "Agogo musadandaule, kumeneko kuli mtsinje, madzi ndi mbwee." Yankho limenelo landisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndikulankhula poyera.

Mtsinje umene mukuudalirawo ndi Cooper Creek. Musauyerekeze ndi Shire kapena Bua amene amayenda chaka chonse. Madzi ake amachokera kutali ku Queensland, kumene mitsinje ya Thomson ndi Barcoo imakumana, ndipo amafika ku nyanja ya mchere ya Kati Thanda-Lake Eyre pa zaka za mvula yochuluka zokha. Nthawi zambiri ndi maiwe otalikirana, pakati pake mchenga ndi dothi long'aluka. Kuchoka pa Lyndhurst kutsata msewu wa Strzelecki Track mpaka pa Innamincka ndi makilomita pafupifupi 470, opanda pothira mafuta, ndipo foni yanu ya m'manjayo imakhala chete mtunda wautali. Tayala likaphulika pakati pa njira, dziwe lili makilomita 200 kutsogolo likuthandizani chiyani? Kutentha kwa dera limenelo musakuyese kwa ku Nsanje. Pa Oodnadatta, m'chipululu cha South Australia chomwecho, pa 2 Januwale 1960 kunatentha mpaka madigiri 50.7.

Mukufuna kukajambulitsa pa mtengo wotchuka uja wa Dig Tree. Chabwino, koma kodi mbiri yake mukuidziwa? Pa 20 Ogasiti 1860, Robert O'Hara Burke ndi William John Wills ananyamuka ku Melbourne ndi ngamila, mahatchi ndi katundu wochuluka, kufuna kudutsa dziko lonse mpaka kunyanja ya kumpoto. Atafika pa Cooper Creek anasiya gulu lina ndi William Brahe kuti liwadikire. Brahe anadikira miyezi inayi. M'mawa wa pa 21 Epulo 1861 anakwirira chakudya pansi pa mtengo, n'kuzokota mawu pakhungwa ouza anzakewo kuti akumbe, n'kunyamuka. Madzulo a tsiku lomwelo Burke, Wills ndi John King anatulukira pamsasapo, ali mafupa okhaokha, mnzawo Charles Gray atafera m'njira. Anasemphana ndi maola ochepa chabe.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Burke ndi Wills anamwalira chakumapeto kwa Juni 1861 m'mphepete mwa mtsinje womwewo, madzi ali pafupi, nsomba zili m'dziwe. Eni dziko, anthu a mtundu wa Yandruwandha, ankawapatsa nsomba ndi chakudya chopangidwa kuchokera ku timbewu ta chomera chotchedwa nardoo. Koma Burke anali wodzikuza. Anawombera mfuti kuopseza anthu amene ankamudyetsawo, iwo n'kusamuka. Alendowo anayamba kutola ndi kusinja nardoo paokha osadziwa kakonzedwe kake. Inu amene munakulira kunyanja mukudziwa kuti chinangwa chowawa sachidya chisanaviikidwe masiku angapo. Nardoo nayenso ali ndi mwambo wake, ndipo akatswiri ambiri amati wosakonzedwa bwino amawononga vitamini B1 m'thupi. Ankadya mimba n'kudzaza koma mphamvu zikutha tsiku ndi tsiku. King yekha ndiye anapulumuka, chifukwa anatsatira a Yandruwandha, iwo n'kumusunga ngati mwana wawo mpaka Alfred Howitt, amene anatumidwa kukawafufuza, atamupeza mu Sepitembala. Akulu athu anati safunsa anadya phula. Ine ndikaona mwana wanyamula kiyi wa galimoto osafunsa aliyense wodziwa deralo, ndimaona mtima wa Burke womwe uja.

Mwina mukuti zimenezo ndi zamakedzana. Mu Disembala 1998, alendo awiri ochokera ku Austria, mwamuna ndi mkazi, galimoto yawo inatitimira mumchenga pafupi ndi Lake Eyre. Onse awiri anayamba kuyenda pansi kukafuna thandizo, koma mayiyo anapitiriza yekha, ndipo anafera m'njira chifukwa cha kutentha. Bamboyo amene anabwerera kugalimoto, pomwe panali madzi, anapezeka wamoyo. Galimoto ikafa, musaisiye. Ofufuza ali mundege amaona galimoto msanga kuposa munthu woyenda yekha m'tchire, komanso galimoto ili ndi mthunzi. Mangani nsalu m'mbali mwake, khalani phee masana onse, imwani madzi mosaumira thupi, dikirani.

Koma angakufufuzeni ndani ngati simunatsanzike? Ili ndiye khalidwe limene likundipweteka kwambiri mwa ana a masiku ano. Mumanyamuka mwakachetechete kuti anzanu adzadzidzimuke ndi zithunzi pa Facebook. Lembani papepala njira imene mudutse ndi tsiku lobwerera, musiyire munthu wamkulu amene adzaimbire apolisi pa 000 tsikulo likadutsa muli zii. Bwerekani foni ya satelaiti kapena kachipangizo koitanira thandizo kotchedwa PLB. Madokotala oyenda pandege a Royal Flying Doctor Service akhala akutumikira madera akutali a dziko lino kuyambira 1928, koma sangaulukire munthu amene sakudziwa kuti wagona kuti.

Mukafika pamtsinjepo, musamange tenti pamchenga wa m'khwawa louma ngakhale kumwamba kuli kowala, pakuti madzi amabwera ndi mvula imene yagwa kutali kumene simukuona. Musagone pansi pa mitengo ikuluikulu ya bulugama ya m'mphepetemo, nthambi zake zimathyoka popanda mphepo. Musadumphire m'dziwe ngati la Cullyamurra mutamwa mowa, ndi lakuya ndipo pansi pamakhala zitsa. Njoka ikaluma munthu, iwalani zotema mphini ndi kuyamwa bala. Kulungani mwendo wonse ndi bandeji mothinitsa, munthuyo asayende, itanani thandizo. Mukapeza chikwangwani chonena kuti msewu watsekedwa chifukwa cha mvula, bwererani. Ndipo miyala yozokotedwa ndi malo opatulika a Yandruwandha muwalemekeze monga mumachitira ndi manda a makolo anu.

Sindikukuletsani kukaona dziko. Mbalame za vuwo zikamatera padziwe m'mawa, malo amenewo ndi okongola zedi. Pitani mu Juni kapena Julayi kukazizira, ndi galimoto ziwiri zamphamvu zokoka ndi matayala onse anayi, matayala apadera awiri, mafuta okwanira, ndi madzi oti mungakhale nawo masiku angapo owonjezera mutatitimira. Inu anyamata anayi aja, mayi a mmodzi wa inu andiimbira kuchokera ku Dedza akulira. Lamlungu lino tikaweruka kutchalitchi mubwere kunyumba ndi mapu anuwo, tidzakhale pansi tisankhe mwezi wina.