Gasi sanathe, tsukani sefa!

Lero ndapsa mtima, ndipo ndilemba ngakhale ena mukhumudwe.

Pa shopu yathu yosindikiza mapepala ku Limbe kuno tinali ndi mapulogalamu 300 a ukwati wa Loweruka likubwerali. Tinawasindikiza m'mawa, kuwapinda, kuwasanja patebulo lomwe lili pansi pa eyakoni, makina oziziritsa chipinda. Cha m'ma 11 magetsi anazima. Tonse tinatuluka kukalimbana ndi jenereta kuseri. Pobwerera tapeza madzi ali chuchuchu kutsika kukhoma, ena akugwa molunjika kuchokera kukamwa kwa eyakoni, tho, tho, tho, pamwamba penipeni pa mapulogalamu aja. Mapepala amatana, inki yayenderera, chithunzi cha akwati chasanduka chimtambo chabuluu. Dzina la mkwatibwi osawerengeka.

Ndiye masana afika mayi ake a mkwatibwi, akwera minibasi kuchokera ku Bangwe dzuwa lili pamutu, chikwama chili kukhwapa. Anatola pepala limodzi, kuliyang'ana, kulitembenuza, kenako n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, ndiye anthu akagwira chiyani kutchalitchi?" Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ine manyazi anandigwira mpaka kukhosi.

Abwana atamva, mawu awo oyamba anali akuti, "Muimbireni uja wa gasi, watha basi." Chaka chino chokha wabwera kale katatu! Katatu munthu kubwera ndi silinda yake, kukwera pamakwerero, kulumikiza mapaipi, kulandira ndalama n'kumapita, pakatha milungu ingapo vuto lomwe lija labwereranso. Lero ndinakana. Ndinaitana bambo ena achikulire okonza mafiriji ku Ndirande. Iwo sanatsegule n'chikwama chomwe. Anangozimitsa pakhoma, kukwera pampando, kukweza chivundikiro chakutsogolo ndi zala ziwiri, n'kusolola sefa.

Abale anga, chomwe chinatuluka mmenemo si sefa. Ndi bulangete. Fumbi lofiira lamatirira mbali zonse, utuchi wa mapepala, ubweya, tsitsi, mapiko a tizilombo, zonse zagwirana moti ukaiyang'anitsa padzuwa kuwala osadutsa. Kuseri kwake tizitsulo toziziritsa mpweya tinali tidakali ndi madzi oundana m'makona. Bambo aja anandiyang'ana nati, "Mayi, imeneyi inatsukidwa liti?" Ndinafunsa anzanga onse anayi. Palibe anayankha. Chiikireni makina aja pakhoma, palibe dzanja linakhudzako sefa. Ngakhale langa.

Anapita nayo pampopi. Madzi oyamba anatuluka ngati a mu Mudi mvula yoyamba ikagwa. Mphindi khumi sizinakwane. Anaiumitsa pamthunzi, kupemerera paipi yotaya madzi yomwe inatsekeka ndi ndere, kubwezera zonse, kuyatsa. Mphepo yozizira inafika mpaka pakhomo, chinthu chomwe sitinachione chaka chonse. Gasi sanawonjezere ngakhale pang'ono.

Ndiye ndikunena pano mokweza: eyakoni zambiri zomwe tikuziti zafa m'maofesi ndi m'mashopu a mu Blantyre muno sizinafe. Tazitseka pakamwa ndi fumbi. Tsukani sefa! Musanaimbire aliyense foni, tsukani sefa. Musananyoze amene anakugulitsani, tsukani sefa. Musananene kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba, kwezani chivundikiro muone ndi maso anu chomwe mwakhala mukupuma.

Makina amenewa amapuma ngati munthu. Amakoka mpweya wotentha wa m'chipinda, kuudutsitsa pa sefa, kuupititsa pa tizitsulo tozizira, n'kuubweza utazizira. Mukatseka podutsa mpweya, tizitsulo tija timazizira mopitirira, chinyezi chimaundana pomwepo, ndipo kuundanako kumatsekanso ponseponse. Magetsi akazima kapena mukazimitsa, zonse zimasungunuka kamodzi, kathireyi kolandira madzi kamasefukira, paipi nayo yatsekeka, madzi apita kuti? Pamapepala a eni ake. Pa kompyuta. Pamutu pa kasitomala. Tangoyesani kuthamanga kuchokera pa msika wa Limbe kufika ku Chichiri mutamanga chitenje pamphuno, mundiuze ngati mukafike.

Ndipo Okutobala wa kuno mukumudziwa. Masana kutentha kumadutsa madigiri 30, misewu yam'makwalala ndi fumbi lokhalokha, tchire likupsa m'mapiri, galimoto iliyonse ikadutsa fumbi kobo mpaka m'shopu. Lonselo likukathera pa sefa. Timabuku tomwe timabwera ndi makinawa timanena kuti muzitsuka pakatha milungu iwiri iliyonse ngati mukuyatsa tsiku ndi tsiku. Milungu iwiri! Ife tinatha zaka. Kabuku kathu ndakapeza lero m'kabati, kadakali m'pepala lake lapulasitiki, kosatsegula. Safunsa anadya phula.

Kodi n'chiyani chovuta pamenepa? Zimitsani pakhoma. Kwezani chivundikiro. Sololani masefa, amakhala awiri, opepuka ngati lichero. Kung'unthani panja, tsukani ndi madzi apampopi kapena ofunda pang'ono, osati otentha chifukwa ndi pulasitiki imapindika, kasopo pang'ono ngati yada kwambiri. Umitsani pamthunzi, iume gwa, bwezerani. Basi. Sipafunika sipanala, sipafunika satifiketi, sipafunika tambala. Mwana wa Sitandade 8 akhoza kuchita. Koma anthu akuluakulu asanu, ovala bwino, tinakhala pansi pa chinthu chimenechi tsiku ndi tsiku tikudandaula kuti sichikuzizira, wina kumenya rimoti pa tebulo, wina kusintha mabatire, wina kutukwana amene anachipanga, osaganiza zokweza chivundikiro.

Kaya ndi ulesi, kaya n'kusadziwa, kaya n'kuopa kuti ukachigwira chikawonongeka akudula malipiro, ine sindikufunanso kumva. Chinthu cha tonse chilibe mwini, ndiye vuto lake. Rimoti aliyense amaifuna m'manja mwake, koma sefa ndi ya "wina". Wosesa akuti ndi za amisiri. Amisiri akabwera akuti ndi za wosesa. Abwana akuti ine ndinagula, zinazo n'zanu. Walira mvula walira matope! Munafuna mphepo yozizira, landirani ndi ntchito yake yomwe. Amene amayatsa ndi amene azitsuka. Ukudziwa pali batani loyatsira, dziwanso pali sefa.

Ndipo inu amisiri ena, osati nonse, ena, mutimvere chisoni. Mawu akuti "gasi watha" mwawasandutsa khasu lolimira m'matumba mwathu. Gasi wa mu eyakoni si wophikira. Sapsa, satha ndi kugwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka m'makina a m'nyumba kupita a panja n'kubwereranso, chimodzimodzi wa mu firiji. Firiji ya kunyumba kwanu mwaithira gasi kangati chiigulireni? Ngati wachepadi ndiye kuti pena pake pakudontha, kawirikawiri pa manati olumikizira mapaipi, ndipo mmisiri weniweni amayamba wafufuza podonthapo, ngakhale ndi thovu la sopo, n'kutseka, kenako n'kuthira. Kuthira osatseka n'kutunga madzi ndi dengu. Pamwamba pa izo gasi ali mitundumitundu, ndipo mtundu wake unalembedwa pa kachikwangwani ka makina a panja: R22 pa akale, R410A kapena R32 pa atsopano. Sasakaniza. R22 ndi uja maiko akumusiya pang'onopang'ono potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mlengalenga, ndipo R32 amatha kuyaka akakumana ndi moto. Koma munthu amangofika ndi silinda yosalembedwa kanthu, osawerenga n'komwe kachikwangwaniko, osakweza chivundikiro, ife n'kumuthokoza ndi manja awiri. Amene amabwera kwathu uja katatu konse sefa sanaiyang'ane. Katatu! Ndalama zomwe zapita pamenepo zikanalipira mlonda wathu.

Tsukani sefa, anthuni. Ndikubwerezanso dala.

Kenako tizidandaula kuti mayunitsi sakukhalitsa. Asakhalitse bwanji? Eyakoni wamba ya 12,000 BTU, ija ya chipinda chimodzi, imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompuresa, injini yopopa gasi, ikamayenda. Ikakhala yaukhondo, chipinda chikazizira kompuresa imapumula kapena kuchepetsa mphamvu. Ikakhala yotsekeka imangolira osapuma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chipinda osazizira, mita ikungowerenga. Mukulipira magetsi kuti muundanitse madzi kuseri kwa fumbi. Dziko lomwe magetsi ake ambiri timadalira mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mwaiwala kale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130? Mwaiwala mmene tinkakhalira mumdima, makina ali zii, makasitomala akubwerera pakhomo? Magetsi omwewo lero tikuwamwaza chifukwa cholephera kupita pampopi mphindi khumi.

Ndipo chipinda chikapanda kuzizira, mankhwala athu ndi amodzi: kutsitsa rimoti kufika pa 16. Ndimadana nacho chizolowezi chimenechi! Nambala ija si mafuta a galimoto kuti ukaponda kwambiri ithamanga. Ndi pomwe mukuuza makina kuti akafika apumule. Mukaika 16 mu Okutobala, chitseko chili pululu, dzuwa likulowa pawindo lopanda katani, sadzafikapo, ndiye sadzapumula. Ikani 24 kapena 25, tsekani chitseko, kokani katani. Magetsi akabwera musathamangire kuyatsa nthawi yomweyo, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu akhazikike, kompuresa isadzidzimuke. Makina a panja nawo musawaunjikire makatoni ndi mamopu ngati nkhokwe, amafuna mpweya kuti ataye kutentha. Kwathu tinapezako chisa cha mbalame ndi majumbo atatu. Koma zonsezi zilibe phindu ngati sefa ndi bulangete. Poyambira ndi pomwepo.

Mapulogalamu aja tasindikizanso ndi ndalama zathu, pepala lathu, inki yathu. Mayi aja anadikira maola awiri pabenchi, ndinawagulira madzi akumwa, ndinawapepesa mpaka mawu kundithera. Pochoka anangoti, "Zikomo mwanangu, zimachitika." Ayi amayi, sizimangochitika. Tinazichita ndife. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsopano ndalemba ndi cholembera chofiira pa kalendala ya pakhoma, Lachisanu lililonse lachiwiri, ndi dzina la wotsuka pambali pake. Dzina loyamba ndi langa, lachiwiri ndi la abwana, ndipo ndawauza pamaso.

China chomwe chandiwawa lero n'chakuti bambo a ku Ndirande aja, akupukuta m'manja, anatenga rimoti nandionetsa kachizindikiro ka dzuwa. Anati, "Mukudziwa kuti imeneyi imatenthetsanso?" Zaka zonsezi! Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwira Blantyre masiku atatu osaona dzuwa, nkhungu itaphimba Soche ndi Ndirande, zala zitauma moti sungagwire bwino pepala, ife timayatsa hita ya waya wofiira pansi pa tebulo, pakati pa mapepala, pamwamba pathu pali makina otha kutenthetsa chipinda chonse. Ukadina batani losinthira ntchito n'kuchoka pa chizindikiro cha chisanu kupita pa cha dzuwa, gasi uja amayenda mobwerera, makina n'kumatenga kutentha panja kulowetsa m'nyumba. Pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha pafupifupi katatu kuposa hita ya waya. Amayamba mwakachetechete, mphindi zingapo osatulutsa mphepo podikira kuti tizitsulo titenthe, ndiye anthu amaganiza kuti sizikugwira n'kuzimitsa. Si eyakoni zonse zili nacho, zina n'zoziziritsa basi, koma yang'anani rimoti yanu ndi kabuku kanu. Ndipo amene anatiikira makinawa sanatiuze, anangolandira cheke n'kunyamula makwerero ake.

Choipitsitsa ndinachiona ndi maso anga Julaye wapitayu pa ofesi ina yoyandikana nafe. Mlonda atalowetsa mbaula ya makala m'kachipinda kolandirira alendo, mawindo onse otseka, chitseko chotseka, iye atafunda bulangete akuwodzera pampando. Utsi wa makala uja wosaoneka, wosanunkha, umapha munthu ali m'tulo, ndipo chaka ndi chaka nyengo yozizira timamva za maliro otere. Pamwamba pa mutu wake panali eyakoni yatsopano, yokhala ndi kachizindikiro ka dzuwa. Rimoti anaitsekera m'dirowa ya abwana, kiyi anapita naye kunyumba ku Namiwawa.